Yankho kwa achimwene ofunsa za nyambo zofanana ndi nsomba zenizeni

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mukuti mwaona pa intaneti nyambo zopanga zija zokhala ndi maso owala, mamba, zipsepse ndi mchira womwe, zoti munthu ukaziyang'ana umayesa kansomba kamoyo. Ndiye mukufuna kudziwa ngati zimaphadi nsomba za mtundu wa bass zambiri kuposa nyambo wamba, komanso ngati n'koyenera kutayirapo ndalama. Ena ayankha kale kuti gulani basi, ena akuti n'zachabe. Ine ndawedza bass ndi nyambo zopanga kwa zaka zambiri, choncho mundilole nditalikitse pang'ono, chifukwa ndaonapo anzanga akugwa ulesi atagula bokosi lathunthu la nyambo zokongola n'kumabwerera chimanjamanja, ndipo sindifuna kuti inunso zikuchitikireni.

Bass imalumphira nyambo chifukwa cha kayendedwe kake, kukula kwake, ndi malo amene nyamboyo yadutsa. Utoto ndi mamba zimabwera pambuyo pa zonsezi. Nyambo yosalala m'manja koma yoyenda ngati chikuni m'madzi ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Opanga nyambo amadziwa kuti woyamba kuiona nyambo yawo ndi msodzi, osati nsomba, n'chifukwa chake amalimbikira kwambiri kumbali imene imakopa maso a munthu.

Taganizirani za chule wa pulasitiki woyandama pamwamba pa madzi. Kumsana kwake amamujambula bwino zedi, timadontho, timizere tobiriwira, chilichonse. Koma bass ili pansi, ikuyang'ana m'mwamba. Chimene ikuona ndi mimba ya chuleyo itatchinga kuwala kwa kumwamba, ndi timafunde timene akupanga poyenda. Msana wonse uja mumauona ndinu nokha. Ine ndikamasankha chule ndimamutembenuza kaye, ndione ngati mimba yake ili yoyera, yachikasu kapena yakuda, kenako ndimamufinya kuti ndimve ngati thupi lake lili lofewa mokwanira kuti mbedza zituluke nsomba ikaluma. Chule wolimba thupi amakuphonyetsani nsomba ngakhale akhale wokongola bwanji.

Mbiri ya nyambozi nayo imanena zomwezo. M'chaka cha 1936, msodzi wina wa ku Finland dzina lake Lauri Rapala anasema nyambo yake yoyamba ndi mpeni, pogwiritsa ntchito khungwa lopepuka lija amapangira zotsekera mabotolo. Anaikuta ndi kapepala konyezimira, n'kuimata ndi mafilimu akale a zithunzi amene anawasungunula. Iye sankawedza bass, koma chimene anaona chimagwira ntchito pa nsomba iliyonse yodya zinzake: pagulu la tinsomba, kamene kamagwidwa koyamba ndi kaja kosambira mopendekeka ngati kovulala. Ndiye mphamvu zake zonse anaziika pa kagwedezekedwe kameneko. Mpaka lero nyambo za dzina limeneli zimadziwika ndi kusambira kwake.

Ku America nako, Nick Creme wa ku Ohio anatulutsa nyongolotsi ya pulasitiki yofewa mu 1949, ndipo nyambo imeneyi inasinthiratu kawedzedwe ka bass. Chodabwitsa n'chakuti bass ya m'damu lalikulu siikumana kawirikawiri ndi nyongolotsi zenizeni zikusambira, komabe nyongolotsi ya pulasitiki imaimeza mosanyinyirika. Palinso nyambo yofewa yotchedwa Senko, yopangidwa ndi Gary Yamamoto, imene mukaiona ili ngati cholembera chabe, yopanda maso, yopanda mchira. Anaidzaza mchere wambiri, ndiye ikamamira chopingasa nsonga zake ziwiri zimanjenjemera pang'onopang'ono, ndipo kunjenjemera kumeneko n'kumene kumaputa nsomba. Nanga spinnerbait? Waya wopindika, timbale tachitsulo tozungulira, ndi tizingwe ta labala. M'madzi mulibe chamoyo chooneka choncho, koma yapha bass zosawerengeka. Ngakhale bass ija yotchuka ya George Perry, imene anaigwira ku Georgia mu 1932 yolemera makilogalamu oposa 10 pang'ono, anaipha ndi nyambo yathabwa ya kampani ya Creek Chub, ya nthawi imene kunalibe makina ojambula mamba ngati a masiku ano. Panapita zaka 77 kuti wina agwire bass yolemera ngati imeneyo, Manabu Kurita pa nyanja ya Biwa ku Japan mu 2009, ndipo iyeyo anagwiritsa ntchito nsomba yamoyo.

Chifukwa chimene kayendedwe ka nyambo kamaposera maonekedwe ake chili m'thupi la nsombayo. M'mbali mwa bass muli mzere wochokera kumutu kufika kumchira, umene umamva kugwedezeka kwa madzi. Kanthu kakadutsa pafupi, bass imamva kukankha kwa madzi ngakhale m'madzi ovunduka kapena usiku. Maso ilinso nawo abwino, ndipo m'madzi oyera imadalira kwambiri maso, koma siona mitundu monga timaonera ife. Imazindikira bwino zofiira ndi zobiriwira, pamene mitundu ina imene ife timaisiyanitsa mosavuta, kwa iyo imayandikana. Onjezerani apo kuti madzi amameza kuwala, ndipo mtundu wofiira ndi umene umayamba kuzilala mukamatsika pansi. Nyambo imene ili ndi mitundu isanu ndi iwiri m'manja mwanu, ikafika pakuya kapena m'madzi amatope imangosanduka chithunzithunzi. Ndiye m'madzi ovunduka ine ndimatenga yakuda bii kapena yowala kwambiri, yokhala ndi phokoso kapena yokankha madzi mwamphamvu, mamba sindiwalabadira n'komwe.

Koma musanditenge ngati ndikunyoza nyambo zofanana ndi zamoyo. Zili ndi nthawi yake, ndipo nthawiyo ikakwana palibe yozipambana.

Nthawi yake ndi pamene madzi ali oyera mbee, dzuwa lili pamutu, mphepo yaleka, ndipo nyambo ikuyenda pang'onopang'ono moti nsomba ili ndi mpata woiyang'anitsitsa. Ndinaonapo ndi maso anga bass yaikulu ikutsatira nyambo yanga kuchokera patali, mphuno yake ili pafupi kukhudza mchira wa nyamboyo, mpaka kufika pamapazi anga, kenako n'kutembenuka mwakachetechete. Tsiku limenelo mtima unandipweteka, koma ndinaphunzirapo kanthu. Bass zikuluzikulu, makamaka za m'madamu amene anthu amawedzamo tsiku ndi tsiku, zaona nyambo zambiri ndipo zina zinalasidwapo ndi mbedza. Zimenezo zimafufuza kaye. Apa m'pamene swimbait yabwino, nyambo yooneka ndiponso yosambira ngati nsomba yeniyeni, imaonetsa ntchito yake. Nyambo zikuluzikulu zamtunduwu zinatchuka m'madamu a ku California, kumene amathiramo nsomba za trout, ndipo bass za kumeneko zinazolowera kudya trout zomwezo. Asodzi anayamba kupanga nyambo zofanana ndi trout msinkhu, mtundu ndi kasambiridwe, n'kumagwira bass zazikulu modabwitsa. Koma onani kuti ankatsanzira chakudya chenicheni cha m'damu lomwelo. Nyambo yofanana ndendende ndi nsomba imene m'madzi anu mulibe yataya kale theka la ubwino wake.

Ndiye musanagule kanthu, pitani kumadzi kumene mumawedza mukakhale chete m'mphepete kwa kanthawi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Onani tinsomba timene tikuthawathawa m'mabango: n'totalika bwanji, n'tathupi lopyapyala kapena lophwatalala, n'tonyezimira kapena todera? Kodi muli achule? Muli nkhanu pansi pa miyala? Bass imene mwagwira nthawi zina imalavula chimene inadya, ndipo pamenepo ndiye mwapeza yankho losachita kufunsa munthu. Msinkhu ndi umene muyambe kufananitsa, kenako kaumbidwe ka thupi, mtundu pomaliza. Ngati tinsomba ta pamalopo ndi ta masentimita 7 kapena 8, nyambo ya msinkhu womwewo idzakupatsani nsomba zambiri. Swimbait yaikulu ya masentimita 20 ndi ya munthu amene wavomera kuponya tsiku lonse kudikira nsomba imodzi, ndipo imafunanso ndodo yolimba ndi chingwe champhamvu.

Nyambo yatsopano iliyonse muziiyesa pamadzi osaya pamene mukutha kuiona. Ikokeni pang'onopang'ono, kenako mofulumira. Swimbait yabwino mchira wake umavina ngakhale mukukoka mwaulesi. Yoipa imafuna liwiro kuti iyambe kugwedezeka, kapena imagona chammbali mukafulumiza. Crankbait, nyambo yolimba yokhala ndi kamlomo kutsogolo, ikamakhotera mbali imodzi, tengani pulayala mupinde kakolowa komangapo chingwe kaja pang'ono zedi kulowera mbali inayo, muyesenso, mpaka iziyenda molunjika. Mfundo nayo ili ndi gawo: mukamanga chingwe chokhuthala molimba pamphuno pa nyambo yaing'ono, mwaimanga khosi, siingasambire momasuka. Siyani kamphete kamene kamakhala pamphuno pa nyamboyo, kapena mangani mfundo yosiya kadiso.

Pali chinthu china chimene ambiri sachilabadira, ndicho kuima. Nsomba zambiri zimene ndagwira ndi jerkbait, nyambo yolimba yooneka ngati kansomba kowonda, zinaluma nyambo itaima, osati ikuyenda. Mumaigwedeza kawiri kapena katatu ndi nsonga ya ndodo, kenako n'kuisiya ilendewere pakati pa madzi osamira osayandama. Madzi akazizira, kufika cha m'ma digiri 10 kutsika pansi, thupi la bass limachita ulesi ndipo siithamangitsa chakudya patali, ndiye kuimako kumafunika kutalike, nthawi zina mpaka muwerenge kufika khumi. Pa nthawi yoimayo m'pamene maso a nyambo, kunyezimira kwa m'mbali ndi kaimidwe kake zimagwira ntchito, chifukwa nsomba ili pompo ikuiyang'ana. Madzi akafunda, kupitirira ma digiri 18 kapena 20, mukhoza kufulumira, ndipo nsomba imaluma mwaukali isanaganize n'komwe.

Bass podya imatsegula kukamwa mwadzidzidzi n'kuyamwa madzi pamodzi ndi chakudyacho. Ikamva kuti chimene yayamwa n'cholimba mwachilendo imachilavula m'kuphethira kwa diso. N'chifukwa chake nyambo zofewa, makamaka zamchere kapena zafungo, zimakupatsani kamphindi kowonjezera kuti mukoke. Kwa ine, kufewa kumeneku ndi mbali ina ya kufanana ndi chamoyo imene imaposa utoto. Ndipo pa chule uja, madzi akaphulika musakoke nthawi yomweyo. Dikirani mpaka mumve kulemera kwa nsomba pachingwe, apo ayi mungomulanda chule m'kamwa.

Za chingwe ndinene mwachidule. M'madzi oyera, fluorocarbon ndi yabwino chifukwa siioneka kwambiri ndipo imamira. Pa nyambo zoyandama siiyenera, imakokera mphuno ya nyambo pansi, ndiye nayiloni wamba amachita bwino. M'maudzu owirira tengani braid, chingwe cholukidwa chija, popeza siitamuka ndipo imadula udzu. Palibe phindu kugula nyambo yooneka ngati yamoyo n'kuimangirira ku chingwe chooneka ngati chomangira katundu.

Mbedza zimene zimabwera ndi nyambo zina zokongola zimakhala zobuntha kapena zosachedwa kuwongoka. Yesani nsonga pa chikhadabo chanu: ikatsetsereka osakanda, noleni kapena sinthani. Koma posintha musaike zolemera kuposa zoyambazo pa nyambo yolendewera pakati pa madzi, chifukwa iyamba kumira ndipo kayendedwe kake kasokonekera.

Vuto lina la nyambo yodula n'lakuti imachititsa mantha mwini wake. Bass imakhala m'zitsa, m'nthambi zomira, m'mphepete mwa maudzu ndi pansi pa mithunzi, ikubisalira. Munthu akamaopa kutaya nyambo yake amaiponya pamtetete pamene palibe chokola, ndipo pamenepo nsomba palibenso. Nyongolotsi ya pulasitiki yobisa nsonga ya mbedza m'thupi mwake, imene amati Texas rig, mukhoza kuilowetsa pakati penipeni pa nthambi n'kuitulutsa bwinobwino. Mukadakhala kuti mukuyamba kumene n'kundifunsa chogula, ndikadati paketi ya nyongolotsi zofewa zobiriwira modera ndi ina yakuda, spinnerbait imodzi yoyera, chule mmodzi, ndiyeno nyambo imodzi yokha yofanana ndi kansomba ka m'madzi anu, koma yabwino, yoti mwaiona ikusambira. Imodziyo muiphunzire mpaka muzidziwa kuti imamira mofulumira bwanji ndipo imatani mukaimitsa.

Posunga, nyambo zofewa musaziunjike pamodzi ndi zolimba, chifukwa mafuta a mu pulasitiki yofewa amadya utoto ndipo nthawi zina amasungunula nyambo inayo. Zisiyeni m'mapaketi ake, michira itawongoka, kutali ndi dzuwa. Mchira wa swimbait ukapindikira m'bokosi, uviikeni m'madzi otentha kwa kanthawi kochepa, muuwongole, uzizire uli wowongoka. Yong'ambika musaiponye m'madzi chonde. Nsomba zimazitola pansi n'kumeza, ndipo pulasitikiyo siigayika m'mimba. Ine ndimayenda ndi kathumba kotayamo zong'ambika, ndipo zina ndimazilumikiza ndi guluu n'kuwedzeranso.

Mutiuze kuti madzi amene mumawedzamo ndi oyera kapena ovunduka, ndi akuya bwanji, ndiponso ngati mumawedza muli kumtunda kapena m'bwato. Mukatha kujambula kansomba kamodzi ka pamalopo muike chithunzi chake pano, tikuthandizeni kusankha msinkhu ndi mtundu wa nyambo yoyambira.