Mafunso a Chichewa: ulendo wa kumapiri a Nsanje

Mphunzitsi wina wa ku Bangula walemba kuti: "Ophunzira anga anayenda ulendo wapansi wa tsiku limodzi, kukwera mapiri a ku Chididi kudutsa m'midzi, ndipo tsiku lina tinakafika kunkhalango yopatulika ya Mbona, mzimu wa mvula uja. Polemba za ulendowu, dzina la nkhalangoyi ena alemba Khulubvi, ena Khuluvi. Ndichonge uti?"

Aphunzitsi, chongani Khulubvi. Komabe mwana amene walemba Khuluvi musamukalipire, chifukwa watsatira zimene inu nomwe munamuphunzitsa. Chichewa chitasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko lonse mu 1968, boma linakhazikitsa bungwe la Chichewa Board mu 1972, ndipo malamulo a kalembedwe amene bungweli linayamba kutulutsa mu 1973 ndi amene anatizoloweza kulemba v pamene kale pankalembedwa bv, ndi f pamene pankalembedwa pf. Mukatsegula Buku Lopatulika lakale lija la 1922 mupezamo mabvuto ndi kubvala, pamene ife lero timalemba mavuto ndi kuvala.

Lamulo limeneli ndi la mawu wamba. Dzina la malo lili ndi eni ake, ndipo eni ake a Khulubvi, Amang'anja ndi Asena, b ameneyo amamutchula ndithu. Khalani pansi ndi gogo wa ku Nsanje mumve mmene milomo imayamba yatsekeka kaye, kenako mpweya n'kutulukira m'mano. N'chimodzimodzi Mwabvi, nkhalango yosungirako nyama ija, ngakhale kuti mtengo wake timaulemba kuti mwavi. Ku Thyolo nako, kanyama kogwira nkhuku ndi vumbwe koma msika ndi wa pa Bvumbwe. Ngakhale bungwe la UNESCO, poika malowa pamndandanda wa malo oyembekezera kuzindikiridwa ngati chuma cha dziko lonse lapansi mu 2011, linalemba Khulubvi. Ine zimandiwawa kuona dzina la malo opatulika chotero, kumene anthu akhala akuthira nsembe zopempha mvula kwa zaka mazanamazana, likudulidwa chilembo kuti ligwirizane ndi buku la m'kalasi.

Za Mbona kapena M'bona, zonse ziwiri zimapezeka m'mabuku. Mwana asankhe chimodzi, asasinthesinthe m'nkhani imodzi. Koma kanyumba ka nsembe kaja alembe kuti kachisi.

Mayi wina wa ku Nchalo akufunsa: "Kodi cholondola n'chiti: tinali kuphiri, tinali paphiri, kapena tinali m'phiri?"

Zonse n'zolondola, mayi, koma sizinena chinthu chimodzi. Tiyerekeze kuti mwanyamuka kusanache, monga amachitira aliyense wodziwa kutentha kwa kuchigwa, kumene mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40. Wina akafika kwanu n'kufunsa kumene mwalowera, ana ayankha kuti "apita kuphiri". Iwo akuloza dera lonselo, sakudziwa pamene mwafika. Inu mukamakwera chikweza, njira itapanikizana ndi miyala, mitengo itakuphimbani, mukumva mbuzi kulira koma osaziona, ndiye kuti muli m'phiri. Nkhuni amatola m'phiri, anyani amakhala m'phiri. Tsono mukatulukira pamwamba, mphepo n'kukuwombani, pansi apo Shire akung'anima ngati lata ndipo kutsidya mukuona dziko la Mozambique, pamenepo mwaima paphiri.

Mayina a malo nawo amatero. Timati ku Chikwawa ndi ku Nsanje ponena dera, koma minibasi imaima pa Thabwa, pa Nchalo, pa Ngabu, chifukwa tikunena siteji kapena msika. Mukamva munthu akuti "ndili pa Nsanje", dziwani kuti ali paboma penipeni.

Funso lotsiriza lachokera kwa mnyamata wa ku Lilongwe amene anakayenda m'midzi yomweyo. Akuti: "Ndinapatsa agogo ena sopo ndi mchere, iwo n'kuwomba m'manja kuti 'takhuta'. Sanali kudya chilichonse. Atatero anandiuza kuti mdzukulu wawo wamkazi ali kumphala. Kodi ankandiseka?"

Ayi achimwene, sankakusekani. Agogowo amakuthokozani. M'Chisena, takhuta ndiye zikomo, ndipo m'chigwa cha Shire mawuwa amalowa m'Chichewa cha tsiku ndi tsiku popanda wodabwa, pakuti Chimang'anja, Chisena ndi Chichewa cha kusukulu zimayankhulidwa pabwalo limodzi. Mukadayankha kuti "zikomo agogo" ndi kuwomba m'manja nanunso, zikadakwana.

Mphala ndiyo yakusokonezani kwambiri, ndipo m'pomveka. Kwanu kuchigawo chapakati mphala ndi ya anyamata osakwatira, kotero kumva kuti mtsikana ali kumphala n'kodabwitsa. Kuchigwa mphala ndi nthaka ya kumtunda, youma, yodalira mvula, kumene amalima mapira, mchewere ndi thonje. Inzake ndi dimba, m'mphepete mwa Shire ndi m'madambo, kumene amabzala chimanga, mbatata ndi nyemba madzi osefukira akaphwa. Banja la kuno limakonda kukhala ndi minda mbali zonse ziwiri, kuti mvula ikakana kumphala, dimba liwapulumutse, ndipo madzi akakokolola kudimba, mapira a kumphala awasunge. Mdzukulu uja anali kumunda basi.

Mukadzapitanso, pofika pakhomo muyambe ndi "odi", mudikire "odini", ndipo ngati akupatsani mphasa mukhale pansi kaye musanafunse njira. Podutsa anthu amene ali pa ntchito yawo m'mbali mwa njira, "tidutse nawo" ndi wokwanira, ndipo akuyankhani.