Mabuloyila anga akufa m'mwezi wa Okutobala

FUNSO: Ndimaweta mabuloyila m'khola la malata kufupi ndi Jumbe. Okutobala akafika, nkhuku zonenepa zimene zatsala pang'ono kupita kumsika ku Chipata zimayasamula kukamwa ndi kugwetsa mapiko, madzulo ndimazipeza zafa. Katemera wa chideru ndinapereka. Ndi matenda anji amenewa?
Mayi wa ku Mambwe

YANKHO: Amayi, malinga ndi mmene mwafotokozera, chakupherani nkhuku ndi kutentha. Nkhuku situluka thukuta, ndipo thupi lake limakhala kale pa madigiri 41. M'chigwa cha Luangwa kukafika madigiri 40, chimene yatsala nacho ndi kupuma wefuwefu basi.

Choipa chenicheni chimachitikira m'maselo. M'menemo muli tinthu totchedwa mitochondria, timene timagwiritsa ntchito okosijeni kusandutsa chakudya kukhala mphamvu. Tinthu timeneti tili ngati mbaula: ikamayaka, siilephera kuthetheka. Zothethekazo ndi ma free radical, tizinthu towononga maselo, monga superoxide. Masiku abwino thupi limazizimitsa lokha ndi ma enzyme monga superoxide dismutase ndi glutathione peroxidase. Kutentha kukapyola, zimachuluka kuposa zozimitsira, n'kuyamba kuwononga mafuta a khungu la selo, mapuloteni, ngakhale DNA ya mitochondria yomwe. Mitochondria yovulala imapanga mphamvu yochepa koma ma free radical ochuluka, vuto n'kumadzikuza lokha. Pamenepo magazi athamangira kukhungu ndi kulipombo, matumbo atsala opanda okosijeni wokwanira, ndipo poizoni wa mabakiteriya amadutsa kulowa m'magazi. Zonenepa zimayamba kufa chifukwa kukula msanga kumatulutsa kutentha kwambiri m'thupi.

Ambiri amathamangira kugula ma antibiotic. Ine ndimati kumeneko n'kutaya makwacha.

Chotsani chakudya dzuwa likakwera, muzidyetsa m'mamawa ndi madzulo, poti kugaya chakudya nakonso kumatenthetsa thupi. Madzi okha asasowe, ndipo chigubu chikhale pamthunzi. Madzi ofunda nkhuku imangowayang'ana. Yalani udzu pamwamba pa malata, tsegulani m'mbali kuti mphepo idutse, ndipo nyengo ino ikani anapiye ochepa. Musazigwire masana. Vitamini C wa m'madzi amathandiza, chimodzimodzi vitamini E ndi mchere wotchedwa selenium, pakuti glutathione peroxidase uja sagwira ntchito popanda selenium. Koma mavitamini sangaziziritse khola.

Mukaona chitosi chobiriwira, khosi lopindika, kapena zikufa ngakhale kunja kwazizira, mwina ndi matenda osati kutentha, choncho itanani alangizi a ziweto tsiku lomwelo.