Ndilipire influencer wa ku Japan kuti azionetsa zikwama zanga?

Imelo yanu ndaiwerenga katatu achemwali, ndipo mpaka pano mtima sunakhazikike. Mwati mumasoka zikwama za chitenje ku Zomba, muli ndi msuweni ku Osaka amene angamasunge katundu, ndipo mwapeza mtsikana wa pa Instagram wa mafolowa ambirimbiri amene akuti mukamulipira azionetsa zikwamazo. Mukufunsa ngati mutumize ndalama.

Ine ndinatumizapo. Inali 2022, ndili pa sukulu ku Fukuoka, ine ndi mnzanga wa komweko tinayamba kabizinesi kogulitsa khofi wa kumpoto kwathu kuno, timapaketi ting'onoting'ono. Miyezi itatu osayenda malonda, ndiye tinati vuto ndi loti anthu sakutidziwa basi. Tinapeza kampani ina yolumikiza amalonda ndi ma influencer, anatitumizira mndandanda wa nkhope ndi manambala, ife maso pa nambala yaikulu. Ndalama yomwe ndinasunga ya tikiti yobwerera kumudzi pa holide ndinaikamo yonse.

Positi inatuluka Lachiwiri usiku. Ndinali pa sitima, foni ili m'manja ikunjenjemera ndi ine ndemwe. Mtsikana wokongola, khitchini yoyera mbee, paketi yathu waigwira pafupi ndi tsaya, mawu mizere iwiri. Ma like amabwera ngati mvula ndipo ndinaimbira mayi anga kunyumba kuti zatheka. Koma mmawa wake ndinakulitsa chithunzi chija ndi zala, ndikuona kuti kasitika kamene ndinamata ndekha pakamwa pa paketi kali pomwepo, kosang'ambika. Sanatsegule nkomwe. Makomenti onse amayamikira tsitsi lake ndi juzi yake. Sabata yonse tinalandira maoda anayi, awiri anali a anzathu a mkalasi omwe anatimvera chisoni. Chaka chimenecho kumudzi sindinapite, ndipo agogo anga sindinawaonenso.

Ndiye mukandifunsa za mafolowa ambiri ine chimene ndimaona ndi kasitika kaja.

Zinthu zinasintha chifukwa cha mayi wina amene nkhope yake sindinaionepo mpaka lero. Ku Japan anthu ambiri amakonda X, ija inali Twitter, ndipo ochuluka samaika dzina lenileni kapena nkhope, amaika chithunzi cha mphaka kapena katuni. Mayiyu amalemba za khofi amene wamwa mmawa uliwonse, mafolowa ake ochepa ndithu poyerekeza ndi mtsikana uja. Ndinamutumizira paketi ndi kalata yolemba pamanja, mnzanga atandikonzera Chijapanizi chake kuti chikhale cha ulemu. Zii masabata asanu. Kenako mafunso: khofiyu amalimidwa pokwera bwanji, anatsukidwa kapena anayanikidwa ndi makoko, munakazinga tsiku liti, amathyola ndani. Nditayankha analemba positi yaitali, ndipo mkatimo ananenanso poyera kuti paketi yathu ndi yovuta kutseka ukatsegula. Ndinakwiya tsiku limenelo, sindibisa. Koma anthu anayamba kuoda, ndipo ena amalemba kuti taona kwa uje kuti paketi njovuta koma khofi ngwabwino. Anamukhulupirira chifukwa cha chodandaula chomwecho, ndipo amene anagula anabweranso mwezi wotsatira.

Ndinene mosapsatira, kwa munthu ngati inu ndi ine kulipira munthu wotchuka kwambiri ndi kutaya ndalama m'madzi. Akuluakulu ngati Hikakin wa pa YouTube, amene anali nawo poyambitsa UUUM, kampani yoyang'anira anthu otchuka a pa YouTube, mu 2013, kapena ma VTuber a Hololive ndi Nijisanji aja amaoneka ngati makatuni, amagwira ntchito ndi makampani oti katundu wawo ali kale mu shopu iliyonse, munthu akaonera vidiyo amangotsika pansi nkugula. Inu zikwama zanu zili mu katoni kunyumba kwa msuweni.

Ndipo china chimene chimandipweteka, chonde musakagulitse chisoni. Ndaona anthu akuika zithunzi za ana ovala zong'ambika pambali pa katundu, akuti gulani muthandize Africa. Munthu adzagula kamodzi, kachikwamako nkukaika mu kabati, osabweranso. Kasitomala wa ku Japan akalandira chikwama amachitembenuza kuti aone msoko wa mkati, amakoka zipi kangapo. Musaiwale kuti YKK, dzina limene mumaliona pa zipi zabwino, ndi kampani ya kwawo komweko, anakula ndi zipi zosakakamira, ndiye yanu ikangokakamira kamodzi nkhani yatha. Ulusi wolendewera dulani. Ndipo chitenje chichapeni kaye musanadule, chifukwa June ndi July kumeneko ndi nyengo ya mvula ndi chinyezi, utoto ukasuluka nkuthimbiritsa bulauzi yoyera ya munthu akupita ku ntchito, chithunzi chake chidzayenda pa X kuposa positi iliyonse imene mungalipire. Ngakhale kapaketi kokulungira amakayang'ana ngati mbali ya katunduyo, ine ndinaphunzira mochedwa.

Mainanso samalani nawo. Kim Kardashian, mayi wotchuka wa ku America, mu 2019 anatcha zovala zake zamkati Kimono, anthu ku Japan anakwiya mpaka meya wa Kyoto analemba kalata, dzina linasinthidwa kukhala Skims. Ngati munthu wa ndalama ngati ameneyo anabwerera mmbuyo, ife tisamayese kumata mawu a chikhalidwe chawo pa katundu wathu kuti aoneke wa komweko.

Za lamulo

Apa mvetsetsani. Kuyambira pa 1 October 2023 ku Japan ndi mlandu kutsatsa mobisa, iwo amati sutema, kutanthauza kuti munthu walipidwa koma akunamizira kuti wangokonda yekha. Imayang'anira ndi Consumer Affairs Agency, nthambi ya boma yoteteza ogula, ndipo amene amagwidwa ndi mwini katundu, osati influencer. Choncho positi ilembedwe moonekera kuti ndi PR, chizindikiro chosonyeza kuti ndi yotsatsa malonda, osabisa pansi pa mahashitagi makumi awiri. Ngakhale musanapereke ndalama, mwangopereka chikwama chaulere koma inu ndi amene mwamuuza zoti alembe, zikhoza kuwerengedwa ngati kutsatsa. Mtsikana wanuyo akakuuzani kuti tisaike PR kuti zioneke zenizeni, musiyeni pomwepo. Ndipo kwa ena amene mukuwerenga muli ndi ufa wa malambe kapena moringa, musalole aliyense alembe kuti umachiza matenda, malamulo awo a mankhwala salola kunena zimenezo pa chakudya.

Pali anthu ena amene timawaiwala. Ma volunteer a JICA, bungwe la boma la Japan lothandiza maiko ena, akhala akubwera ku Malawi kuyambira 1971, ambiri anakhala m'midzi mwathu zaka ziwiri, anadya nsima, ena amalankhula Chichewa, ndipo atabwerera kwawo chitenje amachidziwa komanso amachisowa. Ena ali ndi timasamba tawo pa Instagram, ena amagulitsa pa timisika ta zinthu za ku Africa. Munthu wotere safunika kumufotokozera kuti Zomba ili kuti. Ndikanakhala ndikuyambanso lero ndikanayambira kwa amenewa.

Ndiye yankho lanu achemwali: ndalamayo musatumize pano. Msuweni wanu asake anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi amene amalemba kale za zikwama zosoka pamanja kapena nsalu za ku Africa, awerenge makomenti awo aone ngati anthu amafunsa mtengo ndi kogula. Awalembere mu Chijapanizi cha ulemu, atumize chikwama, adikire osawakakamiza. Pakhale pogulira pa Chijapanizi, mitengo mu yeni, monga pa minne kapena Creema, misika ya pa intaneti pamene amagulitsa za manja, ndi akaunti ya LINE yoyankhira makasitomala poti kumeneko ambiri amachezera pa LINE osati pa WhatsApp. Japan ili patsogolo ndi maola 7, funso lofika inu mukugona ayankhe msuweniyo tsiku lomwelo.

Munditumizireko chithunzi cha mkati mwa chikwama chimodzi mutachitembenuza, ndione msoko ndi zipi.