Kukaona nyenyezi ku Namib ndi ana: yambani mwafunsa za mwezi

Mayi wina wokhala ku Johannesburg watilembera kalata. Akuti iwo ndi bambo akunyumba akufuna kupita ku chipululu cha Namib, ku Namibia, pa holide ya July, ndi ana awo awiri, wazaka 6 ndi wazaka 11, kuti akaone nyenyezi. Akufunsa ngati ndi bwino kugula telesikopu, malo abwino okagona, ndi katundu woti atenge.

Mayi, za telesikopu zisiyeni kaye. Chimene chimaononga maulendo otere ndi mwezi wakumwambawu. Ukakhala wathunthu umatuluka dzuwa likamalowa, n'kuwala usiku wonse, ndipo mlalang'amba umazimiririka ngakhale muli pakati pa chipululu. Ndiye musanalipire malo ogona, pezani tsiku limene mwezi udzakhale mumdima. Umatenga masiku 29 ndi theka kuti ubwerere pomwe unayambira, ndipo tsiku lililonse umatuluka mochedwerako ndi mphindi pafupifupi 50. Masiku abwino kwa banja la ana ndi sabata yomaliza usanalowe mumdima, chifukwa umatuluka pakati pa usiku kapena mbandakucha, ana atagona kale. Masiku awiri kapena atatu ukangooneka kumene nawonso ndi abwino, popeza kamweziko kamalowa msanga. Ngati holide yanu yagwera pa mwezi wathunthu, sunthani masiku okagona kuchipululuko akhale kumayambiriro kapena kumapeto kwa ulendo.

Musakagone kunyanja. Ku Swakopmund ndi Walvis Bay kumachita nkhungu kawirikawiri chifukwa cha madzi ozizira a m'nyanja otchedwa Benguela, ndipo mutha kukhala masiku atatu osaona nyenyezi n'imodzi yomwe. Lowani kumtunda, dera la Sesriem, pachipata cha Namib-Naukluft National Park. Kumwera kwake kuli NamibRand Nature Reserve, yomwe mu 2012 inakhala malo oyamba mu Africa kuvomerezedwa kuti ndi International Dark Sky Reserve, kutanthauza dera lotetezedwa ku kuwala kwa magetsi kuti nyenyezi zizioneka bwino. Malo ena ogona kumeneko ali ndi telesikopu zawo komanso munthu wolozera alendo nyenyezi, choncho funsani posungitsa malo. Mitengo yake ndi yokwera. Kampu wamba ya ku Sesriem ikukwanirani, bola musankhe malo akumapeto, kutali ndi magetsi a kubafa. Dziwaninso kuti m'paki salola kuyendetsa galimoto usiku, ndiye maganizo okaonera nyenyezi pamwamba pa milu ya mchenga ya ku Sossusvlei aiwaleni. Muzionera pomwe mwagona. Gonani masiku osachepera awiri, chifukwa mphepo ya kuvuma ikawomba imadzutsa fumbi, usiku umodzi n'kupita pachabe.

Kuchokera ku Windhoek werengerani maola asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo gawo lalikulu ndi msewu wamiyala. Musapitirire liwiro la makilomita 80 pa ola, thirani mafuta ku Solitaire, tengani matayala apadera awiri ngati n'kotheka, ndipo mufike kusanade chifukwa nyama zimadutsa mumsewu madzulo. Madzi akumwa akhale malita 4 kapena 5 munthu aliyense patsiku. Satifiketi za kubadwa za ana zikhale pamodzi ndi mapasipoti.

Tsopano kuzizira, komwe anthu ambiri amakupeputsa chifukwa amva kuti ndi chipululu. Mu July masana kumafunda bwino, koma mpweya wouma susunga kutentha, ndipo usiku kumatha kutsika kufika pafupi ndi madigiri 0. Munthu woonera nyenyezi sayendayenda, ndiye amazizidwa msanga kuposa woyenda. Mwana wazaka 6 akangoyamba kunjenjemera, basi zonse zathera pomwepo. Avekeni zovala zitatu zosanjikiza, chipewa chophimba makutu, magolovesi ndi sokosi zokhuthala, ndipo muwaveke dzuwa lisanalowe, asanazizidwe. Mchenga umayamwa kutentha kwa thupi, choncho yalani matiresi opyapyala kapena mphasa ndi bulangete pamwamba, ana agone chagada m'zikwama zogonamo. Kugona chagada kumapulumutsanso khosi. Fulasiki ya tiyi ikhale pafupi. Nsapato zikhale zotseka, chifukwa kuli zinkhanira zamchira wonenepa zomwe ululu wake ndi woopsa kwa ana. Unikani pansi musanayale, ndipo m'mawa gwedezani nsapato musanavale.

Nthawi ya ku Namibia ndi imodzi ndi ya ku South Africa ndi ku Malawi, koma poti dzikolo lili kumadzulo, dzuwa limalowa cha m'ma 6:20 kapena 6:30 madzulo mu July. Mdima weniweni umagwa ola limodzi ndi mphindi 20 pambuyo pake. Idyani msanga, zimitsani moto ndi nyali zonse, mukhale pamphasa isanakwane 8 koloko. Maso amafuna mphindi 20 mpaka 30 kuti azolowere mdima, ndipo kungoyatsa foni kamodzi kumabweza zonse poyambira. Gwiritsani ntchito tochi yowala mofiira. Ngati mulibe, kutani tochi wamba ndi pepala la pulasitiki lofiira, kawiri kapena katatu, n'kumanga ndi labala. Pulogalamu ya Stellarium, yosonyeza pomwe nyenyezi zili, ikani m'foni mukadali kunyumba, popeza netiweki kumeneko ndi yosadalirika, ndipo muisinthe kuti iziwala mofiira. Foni igwire munthu mmodzi yekha.

Poyambira pabwino ndi kumwera. Pezani nyenyezi zinayi zooneka ngati mtanda, Southern Cross, ndi ziwiri zowala kwambiri zoloza mtandawo. Yowala koposa pa ziwirizo ndi Alpha Centauri, yomwe kuwala kwake kumatenga zaka zinayi ndi miyezi ingapo kuti kufike kuno. Muuzeni wazaka 6 uja kuti kuwala akuonako kunanyamuka iye asanakwanitse zaka ziwiri. Pambali pa mtandawo pali chigamba chakuda bii, chotchedwa Coalsack. Si dzenje ayi, ndi fumbi lotchinga nyenyezi za kuseri kwake. Wamkuluyo mpatseni ntchito: atalikitse mzere wautali wa mtandawo kanayi ndi theka, kenako atsike molunjika pansi, pamenepo ndiye kumwera kwenikweni. Akatero tembenukirani pamwamba kufuna Scorpius, gulu lopindika mchira ngati chinkhanira, lokhala ndi nyenyezi yofiirira ya Antares pachifuwa. Kuseri kwa mchirawo mlalang'amba umakhuthala ngati utsi, ndipo cha m'ma 11 koloko usiku umakhala pamutu penipeni. Pamenepo ndiye pakati pa mlalang'amba wathu, chimene mwayendera ulendo wonsewu.

Akamwiniatsatana ndi Nsangwe musazifune madzulo mu July, zimatuluka mbandakucha. Timitambo tiwiri ta Magellan, tomwe ndi milalang'amba ing'onoing'ono yoyandikana ndi wathuwu, natonso timakhala m'munsi madzulo. Nyengo yake yabwino ndi kuyambira October.

Kunena zoona, nyenyezi zonsezi zimaonekanso kumudzi ku Malawi kopanda magetsi. Chimene Namib imaposa ndi mpweya wouma wopanda utsi wa moto wa tchire, ndi mdima wofika mpaka m'mphepete mwa thambo.

M'malo mwa telesikopu, gulani mabayinokyula a 8x42 kapena 10x50. Telesikopu yotchipa imagwedera, imaonetsa kachigawo kakang'ono, ndipo nyenyezi imathawamo mwana asanaikepo diso. Bambo amathera ola lonse akukonza zomangira ana akulira ndi mphepo. Mabayinokyula a 8x42 ndi opepukirapo m'manja mwa mwana, makamaka akatsamiritsa zigongono pansi. Lozani pa Omega Centauri, chapamwamba pa mtanda uja, mudzaona kampira kotuwa komwe ndi nyenyezi mamiliyoni zounjikana.

Zithunzi jambulani ana atagona. Kamera ikhale pachoimikira cha miyendo itatu, ISO (mphamvu yake yokokera kuwala) ikhale 3200, kabowo ka lenzi kakhale pa f/2.8 kapena potseguka kwambiri pomwe lenzi yanu imafika, ndipo chithunzi chilichonse ijambule kwa masekondi 15 mpaka 20. Mukapitirira apo nyenyezi zimatuluka ngati timizere chifukwa dziko likuzungulira. Fokasi ikonzeni ndi dzanja pa nyenyezi yowala, chifukwa kamera payokha imasokonezeka mumdima. Mabatire amatha msanga kukazizira, ndiye apadera asungeni m'thumba la mkati mwa jekete. Lenzi musasinthire panja, mchenga wa kumeneko ndi wosalala ngati ufa ndipo ukalowa m'kamera sutuluka wamba.