Bambo akukana kutchula wodzatenga shopu

Mlongo wina wa ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, wandilembera. Bambo ake amakhoma mipando ku Glen View Area 8, ndipo akafunsidwa amene adzatenge shopu amakalipa kuti, "Mukufuna ndife?" Mlongoyu akufunsa ngati n'zoona kuti bizinesi ya banja imafera m'manja mwa adzukulu.

Achemwali, kalata yanu yanditsitsimutsa chilonda. Bambo anga anali telala ku Highfield, kwawo ku Dedza. Makina atatu a Singer, ndipo Disembala aliyense mayunifolomu ankafika kudenga. Koma miyeso ya makasitomala, mayina a angongole, kopikula nsalu yotchipa, zonse zinali m'mutu mwawo. Ine wanga unali ulendo wokagula ulusi ndi mabatani m'tauni basi. Atamwalira, mwana wa mlongo wawo anabwera kuchokera kumudzi n'kunyamula makina amodzi, akuti mwambo wathu umatero. Ndinamusungira mkwiyo zaka zambiri. Lero ndikunena mosaopa: shopu sanaiphe ndi iye. Makina awiri anatsala, koma anthu ankabwerera bambo, osati makina, ndipo ife sankatidziwa.

Nambala imene anthu amatchula pa za adzukuluzo inachokera kwa wofufuza wina, John Ward, amene mu 1987 anafufuza makampani 200 a ku Illinois n'kupeza kuti pafupifupi 13 pa 100 alionse ndiwo anapirira mibadwo itatu. Anali mafakitale a ku America amenewo, sanaone ndalama ikusanduka mapepala ngati ife ku Zimbabwe mu 2008. Musalole nambala ikuopsezeni.

Ine chimandikhudza n'cha ku Japan. Kongō Gumi, omanga akachisi, anayamba mu 578 n'kukhala m'manja mwa banja mpaka 2006. Kumeneko mwana akaperewera, mkamwini waluso amamutenga kukhala mwana n'kumupatsa dzina la banja. Osamu Suzuki wa magalimoto analowa choncho. Ife timati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ndiye timam'bisira chilichonse. Mwana wamkazinso timam'dumpha, ngakhale ndiye amadziwa kuwerengera. Zimandiwawa.

Ndiye mutani?

Imfa musaitchule. Pemphani kuti Loweruka muzikawalembera buku la ngongole ndi maoda, muziwaperekeza kokagula matabwa, ogulitsawo akudziweni nkhope. Za wilo, kalata yogawa chuma cha masiye, muwatumire mnzawo wamsinkhu wawo kapena abusa. Kwa mwana wawo sangamve.