Bwanji ntchafu imakonda kuvulala kumbuyo, osati kutsogolo?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina wa zaka 38 amene amamenya mpira wa masosholo Lamlungu lililonse. Walemba kuti: "Ndinkathamangira mpira m'chigawo chachiwiri, kenaka ndinangomva ngati wina wandigenda ndi mwala kumbuyo kwa ntchafu. Kucheuka, kulibe munthu. Anzanga akuti mtsempha waduka, ndizithowa ndi madzi otentha. Aka n'kachiwiri pamalo omwewo. Bwanji nthawi zonse kumakhala kumbuyo?"

Achimwene, tiyambe ndi mawu akuti mtsemphawo. Ife timawatchula pa zinthu zitatu zosiyana: njira ya magazi, ulusi wonyamula mauthenga a ubongo, komanso chingwe cholimba chomangirira mnofu ku fupa, chija chimakana kutafunika mu nyama ya ng'ombe. Mmene mwafotokozeramu, zikumveka kuti mnofu wang'ambika pafupi ndi pamene umasanduka chingwecho.

Khalani pampando, wongolani mwendo wabwinowo, mugwire pamwamba pa ntchafu. Chimene chalimbacho ndi minofu inayi yotchedwa quadriceps. Yonse imakumana pakafupa ka pabondo n'kukamangirira pafupa la msongolo, ndipo ntchito yake ndi kuwongola bondo. Ndi imene imakudzutsani mukanjuta. Umodzi mwa iyo, vastus lateralis, uli chakunja kwa ntchafu, ndipo ndi pamene anamwino amabaya katemera ana akhanda kusikelo, chifukwa ndi mnofu wochindikala komanso uli kutali ndi mitsempha ikuluikulu. Mkati mwa ntchafu muli gulu lina lokokera miyendo pamodzi, limene limavulala munthu akatang'adza mwadzidzidzi. Palinso sartorius, mnofu wautali kuposa yonse m'thupi, wodutsa chopingasa kuchoka m'chiuno kukafika mkati mwa bondo. Dzinali ndi la Chilatini, likunena telala, poti matelala akale ankasoka atakhala pansi chopiringiza miyendo.

Tsopano kumbuyo kwanuko. Kuli minofu itatu, ma hamstring: biceps femoris chakunja, semitendinosus ndi semimembranosus chamkati. Imayambira pafupa lija limakupwetekani mukakhalitsa pabenchi yathabwa kutchalitchi, n'kutsika kukagwira kunsi kwa bondo. Ndiye kuti imadutsa mfundo ziwiri, chiuno ndi bondo, ndipo vuto lagona pamenepo.

Mukamathamanga liwiro la mtondo wadooka, ntchafu imaponyedwa kutsogolo, bondo nalo likuwongoka. Minofu yakumbuyoyi imakokedwa kumtunda ndi kumunsi nthawi imodzi, ndipo pa nthawi yomweyo iyenera kugwira mabuleki kuti phazi litere bwino. Zili ngati munthu wogwira chingwe cha ng'ombe yothawa: akukoka, koma chingwe chikumuthawa m'manja. Mnofu umang'ambika msanga ukamagwira ntchito uku ukutalika, makamaka utatopa, n'chifukwa chake zinakuchitikirani m'chigawo chachiwiri. Kawirikawiri umene umagonja ndi biceps femoris. Ngakhale katswiri wothamanga wa ku Jamaica, Usain Bolt, zinamuonekera ku London mu 2017: pa mpikisano wake womaliza, wa anthu anayi opatsirana kandodo, mnofu wakumbuyo kwa ntchafu yakumanzere unamugwira ndipo sanamalize liwiro. Nanga ife a Lamlungu lokha, amene sabata yonse timakhala pampando, n'kulowa m'bwalo tikungotsika m'minibasi?

Za kuthowazo, anzanuwo amakufunirani zabwino, koma pamasiku awiri kapena atatu oyamba ayi. M'katimo mukutuluka magazi, ndipo kutentha kapena kusisita mwamphamvu kumawonjezera kutupa. Kulungani madzi oundana m'kansalu, muike kwa mphindi 15 mpaka 20 kangapo patsiku, mumange bandeji mosathinitsa kwambiri, mwendo muutsamiritse pamtsamiro. Mphini musayerekeze. Ngati simukutha kuponda, ngati munamva kuti thu! pafupi ndi thako, ngati ntchafu yada ndi magazi malo aakulu, kapena mwendo ukuchita dzanzi mpaka kuphazi, pitani kuchipatala. Mtsempha wa mauthenga waukulu kuposa yonse, sciatic, umadutsa pomwepo.

Chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi mawu akuti kachiwiri. Ndikukayikira kuti ulendo woyamba munabwerera m'bwalo ululu utangotha. Ululu umatha msanga, koma mphamvu imachedwa, ndipo pamene panang'ambika pamakhala chipsera chosatamuka ngati mnofu weniweni. Mukayamba kuyenda ndi kuthamanga pang'onopang'ono osamva kanthu, yambani izi: gwadani pamphasa, mnzanu akugwireni akakolo, muziwerama kutsogolo thupi lili chowongoka, pang'onopang'ono, mpaka mutagwira pansi ndi manja. Amazitcha Nordic. Yambani ndi kasanu kokha, kawiri pasabata, ndipo dziwiranitu kuti mawa lake mudzatsika masitepe cham'mbali.