Kodi wolemba anakokomeza nkhanza za ku Florida? Yankho kwa mayi wa gulu lowerenga mabuku

Mayi wina amene amawerenga tsamba lino wanditumizira imelo. Iwo ndi anzawo ali ndi gulu lowerenga mabuku, ndipo mwezi watha anasankha The Nickel Boys, buku la Colson Whitehead lomwe linatuluka mu 2019. Atakumana kuti akambirane, akuti panabuka mkangano. Bambo wina anati wolembayo wakokomeza nkhanza pofuna kuti buku liyende malonda. Mayi wina analisiyira pakati, nati mtima wawo sungapirire. Wachitatu anati izi ndi zakale, madzi akatayika sawoleka, ndipo kuzikumba kumangodzutsa chidani pakati pa akuda ndi azungu. Mayiwa akufunsa kuti akulondola ndani, komanso ngati n'koyenera kumupatsa bukuli mwana wawo wa Fomu 3.

Mayi, atatuwa sindingawaike m'gulu limodzi. Amene analisiyira pakati alibe mlandu. Amene akuti ndi zakale ndikutsutsana nawo, ngakhale nkhawa yawo ndikuimva. Koma bambo a kukokomezawo ndiye aphonya kwenikweni, ndipo ndikhalitsa pa iwowo chifukwa mawu awo tingathe kuwayesa ndi umboni.

Kwa amene simunaliwerenge, nkhani yake ndi ya Elwood, mnyamata wakuda woleredwa ndi agogo ake aakazi mumzinda wa Tallahassee ku Florida, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960. Ndi wanzeru, wakhama, ndipo amakhulupirira ndi mtima wonse zomwe Martin Luther King ankalalikira. Tsiku lina popita kukayamba maphunziro a kukoleji anakwera lifiti osadziwa kuti galimotoyo ndi yakuba, ndipo khoti linamutumiza ku sukulu yowongolera ana opalamula. Elwood ndi mnzake Turner ndi anthu opeka, dzina lakuti Nickel nalonso ndi lopeka. Koma sukuluyo inalipodi.

Inali m'tauni ya Marianna, ndipo dzina lomwe imadziwika nalo ndi Arthur G. Dozier School for Boys. Boma la Florida linaitsegula mu 1900 ndi kuitseka mu 2011. Papepala, ntchito yake inali yonga ya malo a Chilwa ndi Mpemba kwathu kuno, kuwongola mwana kuti abwerere kwa makolo ake ali wosinthika. Koma pofika 1903 oyendera anali atapeza kale ana omangidwa maunyolo m'miyendo. Mu 1914 moto unapha ana m'nyumba yogona. Akuda ndi azungu ankakhala mbali zosiyana za sukuluyo mpaka m'zaka za m'ma 1960. Ndiye panali kanyumba kena kotchedwa White House. Amene analowamo amafotokoza mofanana: ankakugoneka chafufumimba pabedi, n'kukuuza kuti ugwire chitsulo cha kumutu ndi kuluma pilo, kenako lamba wachikopa wolemera ankatera pamsana ndi m'matako mpaka nsalu ya kabudula kulowa m'mabala. Ankayatsa chifani chachikulu kuti kulira kusamveke kunja.

Anyamata amenewo atakalamba anapanga gulu lotchedwa White House Boys, nayamba kulankhula poyera cha mu 2008. Bwanamkubwa wa Florida wa nthawiyo, Charlie Crist, analamula kuti pakhale kafukufuku, koma mu 2010 ofufuzawo anati palibe umboni wokwanira wozengera munthu mlandu. Nkhani ikanathera pomwepo pakanapanda akatswiri a mafupa a ku University of South Florida, motsogozedwa ndi Erin Kimmerle, amene anayamba ntchito yawo mu 2012. Pamanda a sukuluyo panali mitanda yachitsulo 31. Atafukula anapeza manda 55. Zolembedwa zomwe anasonkhanitsa zikuonetsa kuti anthu pafupifupi 100 anafa ali m'manja mwa sukuluyo pakati pa 1900 ndi 1973, ndipo akuda ndi amene anachuluka. Si onse amene anafa ndi chikoti ayi, ena anapita ndi matenda, ena ndi moto uja. Koma mabanja ambiri sanaone mtembo wa mwana wawo, ndipo ena anangouzidwa kuti mwanayo anathawa.

Tsono muwafunse bambowo kuti kukokomezako kuli pa tsamba liti. Ine ndimaona zosiyana: Whitehead anadziletsa kwambiri. Usiku umene Elwood akukwapulidwa waulemba m'mizere yochepa, mnyamatayo akukomoka, ndipo tikukumana naye ali kale m'chipatala cha sukulu. Wofuna kugulitsa magazi akanakhala pamenepo masamba khumi. Umboni wa madala amene anapulumukawo ndi wowawa kuposa bukuli.

Chomwe chimatichititsa kuganiza kuti akokomeza, m'kuona kwanga, ndi momwe tinaphunzirira za tsankho la ku America. Tinaona zithunzi za mipope iwiri ya madzi, wina wa azungu wina wa akuda, ndi za mipando ya kumbuyo m'basi, n'kumaganiza kuti nkhani yonse inali ya kunyozeka basi. Mipope ija inkalonderedwa ndi imfa. Bungwe la Equal Justice Initiative la ku Alabama linawerenga anthu akuda oposa 4,000 amene anaphedwa ndi magulu a anthu popanda khoti pakati pa 1877 ndi 1950, ambiri mochita kuwapachika pamtengo khamu likuonerera. Ku Florida komweko, mu Januwale 1923, mudzi wa anthu akuda wa Rosewood unatenthedwa n'kutheratu. Munthu amene sanamvepo zimenezi akakumana ndi manda a ana m'buku, mutu wake umakana, ndipo njira yapafupi ndi kunena kuti wolemba wanama.

Komabe chimene chimandiopsa ine m'bukuli si lamba uja. Ndi anthu wamba amene ankadyerapo. Chakudya ndi katundu amene boma latumizira ana akuda akugulitsidwa m'masitolo ndi m'malesitilanti a m'tauni. Anyamata akutumizidwa kukapenta nyumba za akuluakulu a komiti ya sukulu, osalipidwa. Kukamveka kuti oyendera akubwera, makoma akupakidwa utoto ndipo tsiku limenelo ana akudya bwino. Palibe mwa anthu amenewa amene anagwira chikoti, koma aliyense anali ndi chifukwa chokhalira chete. Ndipo zonsezi zinali ndi lamulo kumbuyo kwake. Mu 1896, pa mlandu wa Plessy ndi Ferguson, khoti lalikulu la dzikolo linavomereza kuti mitundu ilekanitsidwe bola zinthu zake zikhale zofanana, zomwe sizinafananepo. Mu 1954, pa mlandu wa Brown, khoti lomwelo linathetsa tsankho m'sukulu za boma, koma patapita zaka Elwood akuphunzirabe ndi mabuku otha ntchito ochokera ku sukulu ya azungu, atalembedwamo mawu otukwana. Gulu lanu likanakhalitsa pamenepa likanapindula kuposa kuwerengana zikoti.

Za mayi amene analisiyira pakati, asiyeni. Kuwerenga si chilango, ndipo simudziwa chomwe masamba aja anawakumbutsa. Ngakhale pakati pa anthu akuda a ku America mkangano umenewu ndi wakale. Mu 1955 Emmett Till, mnyamata wa zaka 14 wochokera ku Chicago, anaphedwa ku Mississippi n'kuponyedwa mumtsinje wa Tallahatchie. Mayi ake, Mamie Till, analamula kuti bokosi likhale lotsegula kuti dziko lione nkhope ya mwana wawo momwe anaiwonongera, ndipo magazini ya Jet inasindikiza zithunzizo. Kuonetsa kumeneko kunadzutsa anthu ambiri. Koma lero aliponso owerenga akuda amene amati atopa ndi mabuku amene munthu wakuda amangoonekamo akuzunzika, ndipo amadabwa kuti bwanji mabuku otere ndiwo amakonda kulandira mphoto. The Nickel Boys nalo linapata mphoto ya Pulitzer mu 2020. Dandaulo lawolo lili ndi mutu. Kusiyana kwa mayiwa ndi bambo aja n'kwakuti mayiwa anatseka buku chifukwa akhulupirira zomwe zilimo.

Wachitatu uja, amene akuti ndi zakale, angoyang'ana zaka. Sukuluyo inatsekedwa mu 2011, ana athu a Fomu 3 atabadwa kapena ali pafupi kubadwa. Nyumba ya malamulo ya Florida inapepesa mu 2017. Lamulo lopereka chipepeso cha madola 20 miliyoni kwa opulumuka linasainidwa mu 2024, ambiri mwa iwo ali nkhalamba ndipo anzawo atamwalira kale. Palibe wogwira ntchito pasukulupo amene anamangidwa chifukwa cha zomwe zinkachitika mu White House. Palinso anyamata anayi akuda a ku Groveland, ku Florida komweko, amene ananamiziridwa kugwiririra mkazi wachizungu mu 1949. Mmodzi anaphedwa ndi gulu lomusaka. Awiri anawomberedwa ndi mkulu wa apolisi Willis McCall mu 1951 ali m'maunyolo, mmodzi n'kufera pomwepo, ndipo McCall anakhalabe paudindo mpaka 1972. Khoti linawayeretsa anayiwo mu 2021, onse atamwalira. Chipepeso ndi kuyeretsa maina zinabwera chifukwa panali anthu amene anakana kusiya kukumba.

Pa nkhawa ya chidani, ndinene kuti ku Dozier ana achizungu nawonso ankakwapulidwa, ndipo ambiri mwa amene anayamba kulankhula poyera anali azungu, ana a anthu osauka. Bukuli silibisa zimenezo. Limangosankha kuima kumbali ya sukulu imene mawu ake sankamveka. Ndipo wina akati za ku America sizitikhudza, mukumbutseni kuti John Chilembwe anapita kumeneko mu 1897 nakaphunzira ku Lynchburg, ku Virginia, chaka chimodzi chokha chigamulo cha Plessy chitaperekedwa. Anabwerako mu 1900 ataona ndi maso ake momwe munthu wakuda ankakhalira pansi pa malamulo amenewo, ndipo anaonanso sukulu ndi mipingo zomwe akudawo ankadzimangira okha.

Za mwana wanu, ine ndingamupatse, koma osati kungomuponyera. Muli mawu otukwana a tsankho, muli imfa za ana, ndipo nkhanza zogonana zikutchulidwa ngakhale sizikufotokozedwa mwatsatanetsatane. Mumuuze zimenezi asanayambe, ndipo mumuuzenso kuti sukuluyo inalipodi, kuti asadzagwe mu mbuna ya bambo aja. Bukuli ndi lalifupi, masamba 200 ndi pang'ono, ndipo Chingerezi chake mwana wa Fomu 3 angachikwanitse, kupatula malo ena amene anthu akulankhula m'kayankhulidwe ka kumwera kwa America. Akafika pakati, mumufunse kuti akuima ndi ndani: Elwood, amene akukhulupirira kuti akalemba zonse n'kupereka kwa oyendera chilungamo chichitika, kapena Turner, amene akuti chofunika n'kuphunzira kuzemba kuti utuluke wamoyo. Musamusankhire yankho, ine ndemwe limandivuta. Mathero ake musamuululire, chifukwa pali chinthu chokhudza anyamata awiriwa chimene wolemba wachisunga mpaka masamba otsiriza, ndipo mwanayo akachipeza adzafuna kubwerera ku mutu woyamba.